Mankhwala a Ndulu

Linali Lachiwiri, leveni koloko m'mawa, nyengo ya chiperoni, chaka chachitatu chilowereni matipate. Ndinali pa mpopi ndi ndowa pamene galimoto ya kampani inaima kumunsi, chifukwa kumtunda kwathu kuno ku Ndirande galimoto sikwera. Munatsika amuna awiri ovala maovolosi, mmodzi atanyamula jumbo imene ndinkaikiramo amuna anga chakudya. Nditaona jumboyo sindinafunse kanthu. Anandiuza okha kuti abambo agwa kuntchito kwawo ku Makata akumasula zingwe za lole, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atatsirizika kale. Unali mtima.

Mbatata yophika imene ndinawaikira m'mawa inali momwemo, yosakhudza.

Sukulu sindinapite nayo patali, koma nkhani iyi ndikufuna ndiilembe ndekha, chifukwa ena anaifotokoza kale m'malo mwanga ndipo anaipotoza.

Amuna anga anali dalaivala wa lole. Anali munthu wathupi, wa mimba yotsogola, ndipo m'minibasi makondakitala ankawaseka kuti alipire mipando iwiri. Apongozi anga akabwera kuchokera ku Phalombe ankawasisita pamkono n'kumati mwana wawo anapeza mkazi wodziwa kuphika. Inenso ndinkanyadira. Ndinkakazinga mandasi ogulitsa, ndiye mafuta pakhomo sankasowa. Ndiwo zosayandama mafuta ndinkaziona ngati za kumaliro.

Kutatsala zaka ziwiri kuti amwalire, anayamba kuima panjira pokwera mtunda wobwera kunyumba. Ankanamizira kumanga nsapato. Kenaka anavomera kuti pachifuwa pamawafinya ngati munthu wawakhalira. Akampani anawatumiza kwa dokotala wina m'tauni, ndipo dokotalayo atayeza magazi anati abwere ndi amene amawaphikira. Ndinavala chitenje chatsopano n'kupita.

Adokotala anali mayi wamng'ono thupi, wolankhula mosathamanga. Anandiitana kuti ndiyandikire, n'kuloza zikope za amuna anga. Panali timabala tachikasu, tosalala, tosapweteka, timene tinalipo kuyambira tikudziwana. Ine ndinkati ndi chibadwa chawo basi, poti achimwene awo nawonso anali nato.

"Ndi chibadwadi, mayi," anatero adokotala. "Koma amenewa ndi mafuta. Achuluka m'magazi mpaka akuonekera kunja. M'kati akutseka mitsempha ya mtima."

Ndinafunsa ngati ndawadwalitsa ndine ndi kaphikidwe kanga. Anati ayi, matendawa ndi akumtundu, amayenda m'magazi kuchokera kwa makolo, koma mafuta a m'mbale amawonjezera moto. Kenaka anatulutsa kapaketi ka mankhwala a ufa n'kutenga pepala kujambulapo matumbo.

Zimene anandiuza ndinazisunga, chifukwa ndinapempha kuti abwereze. Anati chiwindi chimapanga ndulu kuchokera ku mafuta omwewo a m'magazi. Nduluyo imatsikira m'matumbo kukathandiza kugaya chakudya, koma thupi silifuna kuitaya. Kumapeto kwa matumbo kuli tizipinda ting'onoting'ono, maselo, timene timaitola n'kuibweza kuchiwindi. M'kachipinda kalikonse muli malangizo amene munthu amabadwa nawo. Koma sikawerenga onse nthawi imodzi, kamatsegula okhawo ogwirizana ndi zimene zikudutsa m'matumbomo. Ufa uja ntchito yake ndi kugwira ndulu kuti ituluke ndi chimbudzi. Tizipinda tija tikaona kuti ndulu yasowa, timasiya kutumiza uthenga wakuti yakwana, ndiye chiwindi chimayamba kukoka mafuta m'magazi kuti chipange ina.

Ndinati, "Ndiye ngati buku la nyimbo kutchalitchi? Nyimbo zonse zilimo, koma pamaliro timatsegula zina, paukwati zina?"

Adokotala anaseka n'kuti ndi momwemo. Ufawo sulemba buku latsopano, umangosintha nyimbo imene matumbo akuimba.

Amuna anga anati, "Ndiye akhala akuimba ya maliro nthawi yonseyi?"

Tinaseka tonse atatu. Lero ndikakumbukira sindiseka.

Ufawo unkabwera m'timapaketi, akampani ndi amene ankagula. Unali wotuwa mopita kuchikasu, wa kafungo ka nsomba, ndipo m'madzi sunkasungunuka. Unkangoyandama, kenaka n'kudikha pansi ngati mchenga. Unkafunika kutakasa kwambiri ndipo munthu amwe msanga usanakhale pansi. Amuna anga akanasiyidwa okha sakanamwa. Ndiye ndinkatakasa ndine, m'mawa ndi madzulo, m'kapu yawo yachitsulo, n'kuima pomwepo mpaka aone pansi pa kapu.

"Amayi, mchenga wa lerowu mwakautapa pati? Mumtsinje wa Nasolo?"

"Imwani, abambo."

"Mukanangondiumba njerwa m'mimbamu tikamalize khitchini."

"Imwani, lole ikudikira."

Masabata oyamba unawavuta. Ankadzimbidwa, mimba inkadzaza mpweya, ndipo ankakhala kuchimbudzi mpaka ana kugogoda. Ndinasintha miphika. Mang'ina ndinasiya kugula. Nkhuku ndinkaisenda khungu, nsomba ndinkaotcha kapena kuphika ndi tomato yekha, ndiwo zambiri zinali nandolo, nyemba, therere ndi masamba. Mandasi ndinkakazinga iwo atapita kuntchito kuti fungo lisawazunze. Komabe pakutha pa mwezi ankafika milomo ikunyezimira.

"Mwadutsa pa chiwaya."

"Ine? Ndangopereka moni kwa anzanga."

"Moni wake wa tsabola ndi mchere?"

Ankaseka n'kupempha kapu yawo okha, kuti mlandu uchepe.

Thupi linayamba kutsika. Lamba anaboola mabowo atsopano, kolala ya shati inayamba kulendewera. Iwo ankati akupepukidwa, ndipo mtunda uja ankaukwera osamanganso nsapato. Koma zinali zaka zija anthu ankafa ndi kuwonda, nyumba iyi maliro, nyumba iyo maliro. Mwamuna akachepa thupi anthu sankafunsa, ankangoyang'ana mkazi wake. Pa mpopi nkhani zinkaduka ndikafika. Sindinasamale. Ndinkadziwa chimene ndikuchita.

Amene anasamala ndi alamu anga, achimwene awo aakulu a amuna anga. Iwowa anali ndi butchala mumsika, munthu wa mawu okweza, wokonda kulamula. Lamulungu lina anabwera titaweruka kutchalitchi, atanyamula nyama ya mbuzi ya mafuta okhaokha. Anandipeza pakhonde ndikutakasa.

"Alamu, n'chiyani chimenecho mukumuthirira mng'ono wanga?"

Ndisanayankhe, amuna anga anayankha okha, nkhope ataiumitsa dala.

"Mankhwala a ndulu awa, achimwene. Alamu anuwa akundimaliza pang'onopang'ono. Simukuona mmene ndathera? Paja kwawo n'ku Chikwawa."

Anagugudiza kapu yonse n'kudzigwira pakhosi ngati akufa. Ana anaseka, ine ndinaseka, alamu nawonso anaseka, ngakhale kuseka kwawo kunatha msanga. Aliyense kuno amadziwa kuti ndulu ya ng'ona ndi poizoni, ndipo amati kadontho kamodzi m'chakumwa kamapha munthu. Amadziwanso kuti kwathu kuchigwa cha Shire ng'ona n'zosasowa. Nthabwala yake inagona pamenepo. Amuna anga anali otero, sankatha kuona nthabwala ili pansi osaitola.

Atamwalira, nthabwala ija inatsala yopanda mwini wake woti anene kuti ankangocheza.

Tinakaika maliro ku Phalombe. Kusiwa ndinaona kuti amayi a kuchimuna akukhala motalikira. Madzi amene ndinamwera ine, wina anakataya kuseri n'kutsuka chikho ndi phulusa. Ndinamva mawu akuti ndulu kawiri, monong'ona. Koma ine ndinali ndi maliro oti ndilire.

Patapita mwezi anabwera ku Ndirande kudzandisudzula, ndiko kumasula mkazi wamasiye pamaso pa ankhoswe a mbali zonse kuti akhale mfulu. Anabwera alamu ndi apongozi. Kumbali yanga kunabwera achimwene anga kuchokera ku Chikwawa, munthu wofatsa wosakonda mikangano. Tinakhala pakhonde chakumasana. Anthu oyandikana nafe anapeza zifukwa zoanika zovala pafupi.

Alamu sanazungulire.

"Ife sitingasudzule munthu tisanamve chimene chinadya m'bale wathu. Alamu, ndikufunsani pamaso pa anthu. Munkamuthirira mankhwala kapena ayi?"

"Ndinkawathirira."

"M'chakumwa?"

"M'madzi. M'mawa ndi madzulo."

"A chiyani?"

"A ndulu."

Apongozi anagwira kumutu n'kuyamba kulira. Kuseri kwa zovala zoanika wina anati, "Mayo!" Achimwene anga anandigwira chitenje. Ndinayesa kufotokoza kuti ndulu yake si ya ng'ona, ndi yawo yomwe malemuwo, ya m'mimba mwawo, imene munthu aliyense ali nayo, ngakhale mbuzi zimene alamu amapha tsiku ndi tsiku. Ndinanena za adokotala, za tizipinda ta m'matumbo. Alamu anandidula.

"Tamverani! Matumbo akuwerenga! Sitandade fili yomweyi? Munthu anali ndi thupi lake, mwamuumitsa ngati nsomba yowamba, iye mwini ananena ndikumva ndi makutu angawa kuti mukumumaliza. Lero mukuti matumbo amaimba nyimbo?"

Kenaka ananena chimene anabwerera. Ndivomere kuti ndinalakwa, ndigwade ndipepese kwa apongozi, nditenge zovala zanga ndi ana ndibwerere ku Chikwawa. Nyumba itsale m'manja mwa abale a malemu. Ndikatero andisudzula mwamtendere ndipo nkhani siipita patali.

Nyumba imeneyi dothi lake ndinaponda ndine. Njerwa ndinaumba ndili ndi pakati pa mwana wachiwiri, madzi ndikutunga kumtsinje. Amuna anga anagula malata, ine ndinawasenza kuchokera kumsewu, chifukwa paja galimoto sikwera.

Achimwene anga anandinong'oneza. "Achemwali, ingopepesani. Pepani sapha munthu. Za nyumba tikambirana bwino mitima ikazizira."

Ndinawayankha mokweza kuti onse amve. "Pepani wake wa chiyani? Ndikapepesa ndiye kuti ndinapha. Ana angawa adzakula akudziwa kuti mayi wawo anagwada n'kuvomera kuti anapha bambo awo. Ayi."

Ndinalowa m'nyumba. Timapaketi tinali titatsala m'kabati. Ndinatenga kamodzi, kapu yachitsulo ija, supuni ndi madzi, n'kubwerera pakhonde. Ndinang'amba kapaketi onse akuona, n'kuthira, n'kutakasa monga ndinkachitira masiku onse. Supuni inkalira m'kapu.

"Alamu, ndi umenewu munauona tsiku lija?"

"Ndi womwewo."

Ndinamwa. Aka kanali koyamba kuulawa. Unandikwakwala pakhosi ngati ndameza phulusa la mbaula, ndipo pamenepo ndinadziwa chimene amuna anga ankapirira zaka ziwiri chifukwa choti ine ndaima patsogolo pawo. Misozi inabwera, koma sinali ya mantha. Ndinamaliza n'kutembenuza kapu.

"Tsopano tikhale tidikire," ndinatero. "Mwati ndulu ya ng'ona sichedwa."

Tinakhala. Nkhuku inadutsa pabwalo. Kumunsi makondakitala ankaitanira anthu a m'tauni. Achimwene anga ankandiyang'ana ngati ndigwa nthawi ina iliyonse, ndiye ndinadziwa kuti nawonso anali ndi chikayiko chawo. Zimenezo zinandipweteka kuposa mawu a alamu.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, koma alamu anangopukusa mutu.

"Mwini mankhwala safa ndi mankhwala ake."

Apongozi anapukuta misozi n'kunena kuti banja lawo anthu amalichitira nsanje kuyambira kale. Amuna awo, bambo wa malemu, nawonso anagwa m'munda khasu lili m'manja, munthu wosadwala. Mlongo wawo wa bamboyo chimodzimodzi, pa chitsime.

"Amayi," ndinatero, "pamene apongozi aamuna ankagwa m'munda, ine ndinali mwana ku Chikwawa, banja lino ndisakulidziwa. Amenewonso ndinawathirira ndine?"

Kenaka ndinatembenukira kwa alamu, ndipo Mulungu ndi mboni, ndinanena mofuna kuwathandiza.

"Alamu, timabala tachikasu tili pa zikope zanuto, ang'ono anu anali nato. Adokotala anati ndi chizindikiro. Pitani akakuyezeni magazi, mungadzagwe ngati iwo."

Anadzuka ngati akhalira moto.

"Mwamva? Mwamva nonse? Akuti wotsatira ndine! Wandilozera chala masana dzuwa likuswa mtengo!"

Anatenga apongozi n'kumapita, osandisudzula. Ali pa mpanda anatembenuka n'kunena kuti Loweruka abwera ndi anthu kudzachotsa katundu ndi malata, ndione pogona.

Lachisanu lake ndinali nditadzimbidwa koopsa, ndipo ndinaseka ndekha kuchimbudzi pokumbukira njerwa za khitchini zija.

Loweruka alamu anabweradi, dzuwa litakwera, ndi amuna atatu aganyu a kumsika, atanyamula hamala ndi makwerero. Achimwene anga anali atabwerera kumudzi. Ana ndinawatumiza kwa mnzanga. Ndinakhala pakhomo penipeni, pa mpando wa malemu, mbaula ili pambali, ketulo ikuwira. Ndinalibe chida. Ndinalibenso nzeru ina iliyonse, ndinangoti pakhomo panga sindichoka, akafuna andinyamule ndi mpando womwe.

Aganyu aja anaima pabwalo. Anali atamva kale nkhani yonse, poti mumsika nkhani imayenda kuposa minibasi. Mmodzi anayang'ana ketulo, n'kuyang'ana ine. Kwathu mlendo akafika pakhomo sumufunsa chimene wadzera usanamupatse kanthu, ndiye ndinachita monga ndinaleredwera.

"Takulandirani, achimwene. Ntchito ya padenga njolemetsa. Imwani kaye tiyi."

Ndinatenga kapu yachitsulo ija, chifukwa ndi imene inali pafupi, n'kuthira tiyi ndi shuga, n'kuyamba kutakasa.

Wamkulu wa aganyuwo anatsitsa makwerero pansi.

"Abwana, ganyu iyi ayi."

"Iwe, ndakulipira kale theka!"

"Tikubwezerani. Malata a mayi awa ine sindikhudza. Ndili ndi ana."

"Ndi tiyi chabe," ndinatero. Ndipo analidi tiyi.

"Zikomo mayi, tamwa kale."

Anatsika mtunda mothamanga, makwerero ataiwala. Alamu anatsala okha pabwalo, akutukwana aganyu, akutukwana ine. Ndinamwa tiyi wanga. Atatopa anapita. Makwerero aja sanabwere kudzatenga, mpaka lero ndimakwerera ndikafuna kumata denga.

Sindinganene kuti ndinapambana zonse. Dzina la ufiti limene anandipatsa ndi limene linalondera nyumba, koma linandidyeranso zambiri. Mandasi anga anthu anasiya kugula. Ndinkakhala nalo beseni pamsewu mpaka madzulo, ana a sukulu akudutsa patali, amayi awo atawaletsa. Kumaliro a m'dera anasiya kundipatsa ntchito ya kumiphika, ankandituma nkhuni. Amayi ena a mpingo anandiuza mwachikondi kuti ndikangoima kutsogolo n'kulapa, anthu aiwala. Ndinawafunsa kuti ndilape chiyani, kusenda khungu la nkhuku? Sanabwerenso.

Ndinasiya mandasi n'kuyamba makala. Makala munthu sadya, ndiye palibe amaopa.

Chaka chitatha palibe anabwera kudzandivula zakuda. Ndinadzuka m'mawa wina, n'kusamba, n'kuzipinda ndekha, n'kuvala chitenje chija ndinavala popita kwa adokotala. Ena anati mkazi sadzisudzula yekha. Ndinati amene anayenera kundisudzula akudziwa njira ya kwathu.

Funso limodzi linkandivuta, ndipo ndinapita nalo kwa adokotala aja. Ndinawafunsa chifukwa chake amuna anga anafa pamene ankamwa mokhulupirika. Sanandinamize. Anati ufa unatsitsadi mafuta, magazi ankasonyeza, koma mitsempha inali itatsekeka kwa zaka zambiri tisanadziwe, ndipo zimene zinaunjikana kale ufa sukanazikokolola. Ngati unawawonjezera masiku, iwo sangalumbire, inenso sindingalumbire. Chimene ndikudziwa n'chakuti chaka chawo chomaliza ankakwera mtunda uja akuimba.

Kenaka adokotala anafunsa za ana. Ndinali nditaona kale. Mwana wanga woyamba, amene akampani anamulemba ntchito m'malo mwa bambo ake, kachikasu kanali katayamba pakona pa diso lamanzere. Anakana kupita, ankati iye ndi mnyamata, sadwala. Ndinamuuza kuti bambo akenso ankamanga nsapato. Anapita. Magazi ake anapezeka ngati a bambo ake, ndipo adokotala anati bola iyeyu tamupeza msanga.

Tsiku limene anabwera ndi timapaketi take anandipempha kuti tizichitira m'nyumba, chitseko chotseka, kuti anthu asayambenso. Ndinakana. Chobisa ndi chimene chimaoneka ngati ufiti.

Alamu sindilankhulana nawo. Ndimawaona mumsika, timabala tija tinakula. Ndinawauza kamodzi, pamaso pa anthu, ndipo sindinabweze mawu anga.

Ndikukhala m'nyumba yomweyo. Ndimagulitsa makala kumunsi kwa msewu. M'mawa uliwonse, mwana wanga asanapite ku Makata, ndimamuthirira mankhwala a ndulu m'kapu ya bambo ake, pakhonde, anthu akudutsa, ndipo ndimaima pomwepo mpaka amalize.